Mphatso za Bulaziyo Mumkuyu

Ana inu, tazimitsani kaye wailesiyo. Chiyambire m'mawa yakhala ikungotiuza kuti tithamangire kusitolo Khirisimasi isanatipitirire, ngati kuti Mwana wa Mulungu anabadwira pashelefu. Khalani pansi ndikuuzeni za mwambi wina umene mumaumva kawirikawiri. Ambiri amati unachokera ku chipatso cha m'tchire, koma amatero chifukwa Bulaziyo sanamudziwe. Chiyambi chake chenicheni chinali chotere.

Bulaziyo anali wa konkuno ku Ntcheu, m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu wopita ku Balaka. Makolo ake anatsikira kulichete iye akadali wamng'ono, ndipo iye ndi mlongo wake wamkulu, Sisiliya, analeredwa ndi malume awo, a Gelevaziyo. Bambo amenewa sanali olemera, koma kumana sankakudziwa. Bulaziyo atakula n'kunena kuti akufuna kukayesa mwayi m'tauni, a Gelevaziyo anagulitsa njinga yawo, imodzi yomweyo, n'kumukweza basi ya ku Limbe. Kuyambira pamenepo kumsika, kutchalitchi ndi kumaliro ankayenda wapansi.

Ku Limbe Bulaziyo anapeza ntchito yokulunga katundu m'sitolo ina yaikulu. Miyezi ina yonse ankakulunga ndi mapepala wamba, koma Novembala ikafika ankatulutsa mapepala onyezimira, ofiira ndi agolide, n'kumamanga pamwamba kansalu kolembedwa dzina la sitolo. Pa luso limeneli panalibe womuposa, pamenepo tisamunamizire. Kasopo kamodzi ankatha kukaika m'katoni yoti mwana wa mbuzi n'kugonamo, m'mbali n'kudzaza manyuzipepala, ogula n'kumalimbirana. Bwana wake ankakonda kunena kuti munthu sagula zam'kati, amagula maso a anthu omuona atanyamula. Mawu amenewa Bulaziyo anawameza ngati a m'Baibulo.

Disembala ikakwana ankamuveka mkanjo wofiira, chipewa chofiira ndi ndevu za thonje, n'kumuimika pakhomo pa sitolo, belu m'manja, thukuta lili kamukamu. Ana ankamutcha Fada Khirisimasi. Pachaka chonse, imeneyo ndiyo inali nyengo yokhayo imene anthu ovala bwino ankamupatsa moni.

Chaka china zinthu zinatembenuka. Ogula ena anadandaula kuti Fada Khirisimasi wa sitolo imeneyi ndi woonda kwambiri, ana akumuopa pomuyesa wodwala. Bwana sanachedwe. Anasoketsa mkanjo watsopano n'kuveka mlonda wina wa mimba yaikulu, ndipo wakale uja, wothimbirira m'khwapa, anamuponyera Bulaziyo kuti azipukutira mashelefu. Bulaziyo sanapukutire. Anaupinda bwinobwino pamodzi ndi ndevu zake n'kuusunga m'sutikesi, mtima ukumuwawa kwambiri.

Sabata yomweyo sitolo inalengeza mpikisano. Amene agule katundu wambiri wa Khirisimasi n'kukapereka kwa osauka, nkhope yake idzaikidwa pa kalendala ya chaka chotsatira. Koma panali lamulo. Mphatsozo zikulungidwe m'mapepala a sitolo, ndipo zisatsegulidwe mpaka pa tsiku la Khirisimasi lenilenilo, wojambula zithunzi wa sitolo atafika. Kansalu kakangoduka nthawi isanakwane, mwini wake wachoka mumpikisano. Bulaziyo anadziona ali pakhoma la nyumba iliyonse mu Limbe, ndiponso pakhoma la sitolo, pamene mlonda wonenepa uja azidzamuyang'ana chaka chathunthu. Kuyambira tsiku limenelo sankaganizanso china.

Ali m'kati molota choncho, Sisiliya anamuimbira lamya. Kumudzi kunali njala chaka chimenecho. Mvula ya chaka chapitacho inadula chimanga chikumasula, m'nkhokwe munali mutatha kalekale, ndipo anthu ankadalira mango osapsa owiritsa ndi timadeya ta paganyu.

"Achimwene, malume sali bwino," anatero Sisiliya. "Kuchipatala awapatsa mapiritsi oti azimwa atadya. Nanga adye chiyani? Akamwa m'mimba muli pululu amangosanza."

"Musadandaule achemwali, ndikubwera," anayankha Bulaziyo. "Ndibweretsa zinthu zoti mudzi wonse sudzaiwala."

Musaganize kuti Bulaziyo anali munthu wouma mtima. Malume ake ankawakonda ndithu, ndipo atamva za matendawo anada nkhawa. Vuto ndi loti chikondi chakecho chinakwera basi imodzi ndi kalendala. Anati mumtima mwake, osauka ofunika pa mpikisano ndili nawo kwathu komwe, ndikadyetsa malume n'kuwinanso. Paja amati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Anatulutsa zonse zimene anasunga chaka chimenecho n'kugula shuga, mkaka waufa, ufa wa phala, buledi, mabisiketi ndi masiwiti. Atauunjika katunduyo anaona kuti wakwana m'katoni imodzi yokha, ndipo katoni imodzi singakuike munthu pa kalendala. Ndiye anachita zimene manja ake ankazidziwa. Anang'amba mapaketi onse. Shuga anamuthira pang'onopang'ono m'timapepala ta nyuzi, mkaka ndi ufa chimodzimodzi, buledi n'kumudula mapisi. Tinthu timeneti anatigawa m'makatoni ambirimbiri, n'kudzaza manyuzipepala, n'kukulunga mwa luso lake lonse. Zimene anawonongera mapepala onyezimira zinaposa zimene anagulira chakudya. Atatero anapempha tchuthi, ndipo bwana anamulola msanga, poti pakhomo panali kale wina woliza belu.

Anatsika minibasi kumudzi Khirisimasi ikadali patsogolo ndithu. Makatoni ataunjikidwa m'mbali mwa msewu, Sisiliya anagwetsa misozi yachimwemwe. Sanadikire n'komwe kuti amalize malonje. Anathamangira kukhitchini kukatereka madzi, kenaka n'kubwerera akupukuta manja m'chitenje.

"Achimwene, Mulungu wakutumani. Muli ufa wa phala ndi iti? Tsegulani, madzi ali pamoto."

"Dekhani achemwali. Izi si zakudya, ndi mphatso."

"Mphatsozo m'kati mwake muli chiyani?"

"Muli chakudya."

"Ndiye tsegulani."

"Mphatso satsegula chisawawa, ili ndi tsiku lake. Inu zinthu za m'tauni simuzidziwa."

Sisiliya anamuyang'ana mlongo wake. "Zimene ndikudziwa ine n'zakuti m'nyumbamo muli munthu amene sanalawe chinthu chogwira m'mimba chiyambire Lamulungu."

Bulaziyo anamufotokozera za mpikisano, za kansalu, za wojambula ndi za kalendala. Anafotokoza modekha, ngati akuphunzitsa mwana. Anati masiku otsalawo si ambiri, ndipo malume ndi munthu wolimba, anapirira njala zazikulu kuposa imeneyi. Sisiliya anapita kukaphula madzi aja.

Ku Limbe mphatso amaziika pansi pa kamtengo kapulasitiki kokhala ndi timagetsi tophethira. Kumudzi kamtengo koteroko kunalibe, koma pakhomo pa a Gelevaziyo, cha kumsewu, panali mkuyu waukulu. Kusiya makatoni pansi sakanatha, chifukwa agalu ndi ana anjala anali atayamba kale kuzungulira. Choncho Bulaziyo anakwera mumtengo ndi zingwe, n'kupachika katoni iliyonse panthambi yake, dzina la sitolo litayang'ana kumsewu. Yaikulu kuposa zonse, imene anati ndi ya malume, anaipachika pamwamba penipeni.

Kunena zoona, zinakongola. Dzuwa likawomba, mkuyu wonse unkang'anima moti munthu ankauona ali kutsidya kwa dambo. Maminibasi ankachepetsa liwiro, okwera n'kumasuzumira m'mawindo. Anthu a m'midzi ina ankabwera akaweruka kopalira, makasu ali paphewa, n'kuima chapatali kumangoyang'ana m'mwamba, malovu akudzaza m'kamwa. Bulaziyo ankakhala pampando pansi pa mtengo, mwendo pamwamba pa unzake, kumayankha mafunso.

Apa ndi pamene zinthu zinaipira. Bulaziyo asanabwere, a Gelevaziyo sankagona ndi njala masiku onse. Mayi wa nyumba iyi ankabwera ndi kambale ka ufa atabisa m'chitenje, wa nyumba iyo kadzira kamodzi, amayi a kumpingo kabotolo ka thobwa. Zinali zochepa, zosakulunga m'pepala lililonse, koma zinkafika m'mimba. Anthu aja ataona mkuyu anati kwa a Gelevaziyo kwagwa mwayi, ndipo chingakhale chipongwe kupita ndi kadzira kamodzi pakhomo pamene shuga akulendewera mumtengo. Aliyense anabweza kambale kake kwa ana ake, ndipo sitingawadzudzule, nawonso anali ndi njala. Sisiliya atapita kugolosale kukapempha kashuga ka pasupuni, mwini golosale anaseka.

"Mayi, mwasiya mtengo wobereka shuga pakhomo n'kudzavutitsa ine?"

M'thumba mwa Bulaziyo namo munalibe kanthu, chuma chake chonse chinali m'mwamba. Sisiliya ankalawirira kuganyu n'kubwerako ndi timadeya. Phala la madeya lopanda shuga a Gelevaziyo ankalimeza kawiri, kachitatu n'kubweza lonse pamodzi ndi mapiritsi.

Kenaka kunagwa mvula, ya Disembala ija yosachita manyazi. Itakata, Bulaziyo anathamangira kumkuyu mtima uli m'mwamba, koma anapeza mapepala akunyezimira kuposa kale, poti anali apulasitiki ndipo fumbi linali litatsukika. Anakondwa kwambiri. Zoti madzi amatsetsereka ndi chingwe n'kulowera pamfundo, iye sanaziganizire. M'mawa mwake Sisiliya anamulozera mzere wa nyerere umene unkakwera thunthu la mtengo.

"Zikutsata nkhuyu zimenezo," anatero Bulaziyo. "Mtengowu ndi wawo kuyambira kale."

"Nkhuyu zake ziti? Mukuionapo ngakhale imodzi?"

"Achemwali, mmene ndimamangira ine, ngakhale mpweya sulowa. Ntchito imeneyi ndakalamba nayo."

Tsiku lomwelo a Gelevaziyo anamuitanitsa. Bulaziyo analowa m'nyumba n'kukhala pansi pafupi ndi mphasa. Anadzidzimuka kuona mmene malume ake anathera. Manja aja amene ankamunyamula kumukhazika pakaliyala ya njinga anali atasanduka timitengo.

"Bulazi," anatero a Gelevaziyo, mawu akutuluka movutikira, "ndamva kuti mkuyu wanga wabereka makatoni chaka chino."

"Eya malume. Ndipo yaikulu kwambiri ndi yanu."

"Zikomo mwanawe. Koma ine zazikulu sindingazithe. Ndimangofuna kasupuni kamodzi ka shuga m'kaphala, kuti mapiritsiwa akhazikike m'mimbamu."

"Malume, pirirani pang'ono. Tsikulo likakwana mudzadya mpaka kukana nokha. Adzakujambulani muli ndi ine, ndipo tonse tidzakhala pa kalendala."

"Kalendala ya chaka chiti?"

"Ya chaka chamawa."

A Gelevaziyo anatseka maso. "Chaka chamawa n'kutali, Bulazi."

Sanamukalipire, sanamukumbutse za njinga. Zimenezi n'zimene zinamulasa Bulaziyo. Anatuluka misozi ikulengeza m'maso, n'kutenga mpeni, n'kukwera mumkuyu. Anafika pakatoni ina ya m'munsi, n'kuika mpeni pakansalu. Kunangotsala kukoka.

Pomwepo minibasi ina inaima pamsewu. Munatuluka bambo wina wa suti, lamya m'manja, n'kuyamba kujambula mtengo uja. Bamboyo atamuona Bulaziyo panthambi anavula chipewa.

"Bwana, ndinu mwachita zimenezi? Dziko likanakhala ndi anthu opatsa ngati inu khumi okha, bwenzi kulibe wosauka. Mulungu akudalitseni."

Chibadwire Bulaziyo anali asanatchulidwepo kuti bwana ndi munthu wa suti. Anabweza mpeni m'thumba, n'kunamizira kuti amangowongola kansalu. Potsika anadziuza kuti munthu safa ndi njala ya masiku ochepa chabe. Bodza limene munthu amadzinamiza yekha ndi loopsa, chifukwa palibe womutsutsa.

Sisiliya ataona kuti mlongo wake watsika chimanjamanja, anatenga nsungwi yaitali yothyolera mango n'kulunjika kumtengo. Bulaziyo anamulanda. Anakanganirana nsungwiyo ngati ana, anthu odutsa akuonerera.

"Mukufuna kundiwonongera zonse chifukwa cha masiku ochepa?" anatero Bulaziyo akupuma mwawefuwefu.

"Achimwene, Khirisimasi imene mukuinenayi mwini wake anabadwira m'khola. Kunali wojambula kumeneko?"

"Nanga anzeru a kum'mawa aja mphatso zawo anatsegulira panjira? Anadikira mpaka atafika."

"Iwo ankafulumira kuti akafike. Inu munafika kale."

Bulaziyo anangouma mutu kwambiri. Anadula nthambi zaminga n'kuzunguliza thunthu la mkuyu, mpando wake n'kuusendeza pafupi. Kuyambira pamenepo m'nyumba mwa malume ake sankalowamonso kawirikawiri, chifukwa maso awo ankamuvutitsa. Ankangofunsira pakhomo kuti agona bwanji, Sisiliya n'kumuyankha ndi msana.

Tsiku la Khirisimasi linafika. Bulaziyo anadzuka m'mamawa, wosangalala ngati mkwati. Anavala mkanjo wofiira uja ndi chipewa chake, n'kulowetsa pilo pamimba kuti pasapezekenso womunena kuonda. Kalamba komangira ndevu kanali kataduka, ndiye anabwereka guluu womatira machubu a njinga, n'kupaka pachibwano ndi m'masaya, n'kukanikizapo thonje mpaka litagwira. Anadziyang'ana pakagalasi n'kugwedeza mutu. Belu la kutchalitchi linali litayamba kulira, anthu akudutsa pamsewu kupita ku Misa. Iyenso anatenga kabelu kake n'kutuluka akuliza, kuti akauze malume ake kuti kudikira kwatha.

Asanafike pakhomo anamva mawu a Sisiliya m'nyumbamo. Sikunali kuitana, kunali kulira kuja kumene munthu aliyense wa kumudzi amakudziwa akangokumva.

Bulaziyo analowa. A Gelevaziyo anali atagona chammbali, kapu ya madzi ili pafupi, mapiritsi a m'mawa umenewo ali m'dzanja la Sisiliya. Bulaziyo anagwada n'kuwagwedeza.

"Malume, lero ndi lero. Malume, tsiku lija lakwana."

"Asiyeni," anatero Sisiliya. "Anakudikirani mokwanira."

Chisoni chimene chinamugwira Bulaziyo chinali chenicheni, ndipo ine sindimuseka pamenepa. Analira ngati mwana. Anavula chipewa, anatulutsa pilo uja n'kumuponya pakona. Atagwira ndevu kuti azichotse, sizinatheke. Anakoka, khungu n'kumatsatira. Anayesa madzi, anayesa sopo, guluu wa machubu osamva. Zovala zake zina Sisiliya anali ataziviika dzulo lake, zinali zikadali m'beseni. Choncho anthu ochokera ku Misa, atamva za zovutazo n'kukhotera pakhomopo, anapeza mwini maliro atakhala pakhonde mu mkanjo wofiira, ndevu za thonje zili mbuu, misozi ikutsikira m'thonjemo. Munthu aliyense wodzapepesa ankayang'ana pansi, ena chifukwa cha ulemu, ena poopa kuti angaseke pamaliro.

Anthu anachuluka, pakuti a Gelevaziyo anali munthu wa anthu. Amayi anadzaza m'nyumba ndi kuseri, abambo anakhala pansi pa mkuyu pomwepo poti mthunzi wina panalibe, makatoni akulendewera pamitu pawo. Adzukulu, anthu okumba manda aja, anatenga makasu n'kupita kumanda m'mimba mulibe kanthu. Dzuwa litafika pamutu, mkulu wawo, a Layitoni, anabwerera n'kudzanjuta pafupi ndi Bulaziyo.

"Pepani a mwini mbumba. Anthu kumandaku manja alefuka, dothi lake ndi lolimba. Mwambo mukuudziwa, okumba sakumba ndi njala. Kaya kaphala, kaya katiyi, chilichonse chimene chilipo."

Bulaziyo asanayankhe, pamsewu panaima njinga ya kabaza. Panatsika bambo wina wamfupi, kamera ili pakhosi, atavala malaya olembedwa dzina la sitolo. Anayang'ana mtengo, anayang'ana khamu la anthu, nkhope yake n'kuwala.

"A Bulaziyo, mwandidabwitsa. Ndayenda malo angapo lero, koma gulu lotere sindinalione. Ndevunso mwazikonza bwino. Kalendala ndi yanu basi. Tsopano auzeni asendere pafupi ndi mtengo, ndipo amwetulire. Bwanji onse nkhope zili zakugwa? Nanga agogo odwala munkanena aja ali kuti? Amenewo akhale kutsogolo, anthu amakonda zithunzi za okalamba."

A Layitoni anamukokera pambali n'kumunong'oneza. Wojambula uja anachita manyazi, n'kuika dzanja pachifuwa.

"Pepani kwambiri, sindinadziwe." Kenaka anawerama kufupi ndi khutu la Bulaziyo. "Komabe poti ndafika kale, ndipo anthu alipo, tikhoza kungojambula msangamsanga. Pachithunzi sipaoneka kuti ndi maliro."

Bulaziyo anamuyang'ana munthuyo, ndipo kwa nthawi yoyamba anamva mmene mawu a m'sitolo amamvekera ukawamvera pakhomo pa maliro. Ananyansidwa, koma sanadziwe kuti anyansidwe ndi ndani, poti mawu omwewo ndi amene iye anakhala akuuza mlongo wake masiku onsewa.

"Bwezani kamera yanuyo m'chikwama," anatero.

Anaimirira, n'kuchotsa minga ija ndi manja ake, osasamala kuti ikumubaya. Kalendala inali itachoka mumtima mwake. Chimene chinatsalamo chinali chimodzi. Malume ake anawamana ali moyo, koma sangawachititsenso manyazi ali mtembo. Anthu odzawaperekeza adye, amwe tiyi wa mkaka, adzukulu apeze mphamvu, ndipo mudzi udzanene kuti a Gelevaziyo anaikidwa mwaulemu. Anauza amayi kuti atereke madzi m'miphika ikuluikulu. Kenaka anapinda mkanjo wake m'chiuno n'kukwera.

Anadula zingwe n'kumatsitsa makatoni imodziimodzi, abambo akulandira pansi. Ena anadabwa kuti makatoni akulu chotere akupepuka bwanji, ena anaona kuti pansi pake pafewa ndipo pakutuluka kafungo kowawasa, koma pamaliro munthu salankhula zambiri. Anawandandalika pabwalo. Mapepala anali akadali owala, tinsalu tili chimangire, dzina la sitolo likuwerengeka bwinobwino. Ana anasendera pafupi. Amayi ena anatuluka m'nyumba ya maliro n'kuima pakhonde, Sisiliya ali pakati pawo.

Bulaziyo anayamba ndi yaikulu ija, ya malume. Anadula kansalu, anang'amba pepala, n'kutsegula.

M'katimo munali mwakuda, ndipo mdimawo unkayenda. Nyerere zinatuluka ngati madzi osefukira, zina zitanyamula timazira tawo toyera. Shuga anali atasungunuka ndi mvula n'kulowerera m'manyuzipepala, nyerere n'kumumaliza. Mkaka unali utaundana n'kuchita nkhungu. Buledi anali wobiriwira, wobowokabowoka, moti ngakhale galu amene anamununkhiza anabwerera m'mbuyo.

Anatsegula yachiwiri, chimodzimodzi. Yachitatu, chimodzimodzi. Anayamba kung'amba ndi manja mofulumira, akukwawa ndi maondo kuchoka pakatoni iyi kupita pa iyo, akunena yekha kuti mwina iyi, mwina iyi. Nyerere zinamukwera m'manja, zinalowa mu mkanjo, zinadzaza m'ndevu zija, iye osazimva n'komwe. Atafika pa yomaliza anapezamo timapepala ta masiwiti topanda kanthu. Pa makatoni onse aja sipanapezeke choti n'kuthira m'kapu imodzi ya tiyi.

Panalibe amene anaseka. Ana anabwerera kwa amayi awo mwakachetechete. Kuseri madzi ankabwata m'miphika popanda choikamo. A Layitoni anatola khasu lawo n'kubwerera kumanda kukauza anzawo kuti angolimba mtima amalize. Mayi wina wokalamba anapita kwawo n'kubwerako ndi kambale ka ufa kamene kanali ka ana ake tsiku limenelo, mnzake n'kuchitanso chimodzimodzi, ndipo phala lopyapyala limene adzukulu anamwa linachokera m'timbale timeneto. Wojambula uja, poona kuti palibe womulabadira, anakwera kabaza yake n'kupita kukajambula opatsa ena.

Bulaziyo anatsala atagwada pakati pa makatoni ong'ambika, mutu uli pansi. Sisiliya anatsika pakhonde n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pamene panali mlongo wake. Anthu ankayesa kuti amutukwana, kapena amumenya, ndipo palibe akanamuletsa. Koma iye anangotola pepala limodzi lagolide, n'kuliyang'ana kunja kowala, n'kulitembenuza kuona m'kati mmene munkayenda tizilombo. Anakweza maso kuyang'ana mtengo umene mudzi wonse unakhala ukuusirira, zingwe zokhazokha zikulendewera. Mawu amene ananena anali apansipansi, koma onse anawamva, ndipo ochokera kumaliro anapita nawo m'midzi mwawo mpaka afika kwa inu lero.

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."